Opaleshoni Yopanda Chipsera

"Tandiuzani, alamu, chakuda chili apachi n'chiyani?" a Dorothy anafunsa, chala chili pa chithunzi chimene anachisolola m'buku la kuchipatala la mchimwene wawo. "Sukulu sindinapite nayo patali, koma maso ndili nawo."

"Ndi kachilonda ka m'chifu," Hannah anayankha, mawu ali pansi. "Adokotala a ku Blantyre analowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kukamwa, n'kujambula. Akuti ndi khansa, koma yangoyamba kumene. Akuti tachita mwayi."

"Mwayi! Mwamva, achimwene? Akazi anu akuti mwachita mwayi. Kwathu ku Magomero, kuyambira agogo athu amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, palibe anadwalapo khansa. Inu mwadzaitola kuno ku Likoswe, m'mbale za eni ake."

Stanford Tikhala, mwini mimba imene ankaikanganirayo, anali khale pakhonde, akupukuta sipanala yoyera kale. Anali wokonza njinga pa Mbombwe, wodziwika kwa akabaza onse, ndipo pachikamwini ku Likoswe anali atakhalapo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mlandu wake unali umodzi basi: ankakonda mkazi wake poyera. Ankamutungira madzi pa njinga, kumunyamulira khasu pochokera kudimba, ndipo tsiku lina anthu anamuona ndi maso awo akutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Kwathu kuno mwamuna wotere sitimati ali ndi chikondi, timati anamudyetsa. Timanena uku tikuseka, kuiwala kuti pali ena amene saseka nawo, amangosunga. A Dorothy, amene analera Stanford mayi awo atamwalira, anali atasunga zaka zonsezi.

"Achemwali," Stanford anatero, maso ali pa sipanala, "mayi a Yamiko sanandidyetse kanthu."

"Mukudziwa bwanji? Wodyetsedwa amadziwa? Kondaine ameneyu wakhala m'mimbamo kuyambira tsiku la ukwati, lero wawola. Ndi amene akuoneka pa chithunzipa. Makina a azungu sanama, angolephera kumutchula dzina."

"Alamu, ine ndimapemphera," Hannah anatero. "Mungandinene zina zonse, koma izi ayi."

"Opempherawo ndiye akatswiri ake. Ine ndikuti munthuyu ali ndi eni ake. Apite kwathu, tikamusanzitse, chituluke."

"Lachiwiri tikupita ku Blantyre," Stanford anatero. "Akachotsa adokotala."

Aka kanali koyamba kuti Stanford awayankhe achemwali ake chotero. A Dorothy anamanga chitenje, n'kutola thumba la makaka, chinangwa chouma, limene anabwera nalo ngati mphatso. Analisenzanso pamutu n'kubwerera nalo ku Magomero.

Dokotala amene anawalandira Lachiwirilo anali mayi wachitsikana, dzina lake Sakina, wolankhula Chinyanja chopendekera ku Chiyao. Sanawathamangitse. Anatenga pepala n'kujambula chinthu chonga thumba.

"Bambo Tikhala, chifu chili ngati khoma la nyumba. Pali pulasitala pamwamba, njerwa zili pansi. Khansa yanuyi idakali pa pulasitala, ndiponso ndi yaing'ono, yosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. N'chifukwa chake sitikung'ambani. Tilowa ndi kapaipi komwe kaja, tikabaya timadzi pansi pake kuti chilondacho chitukuke, kenako tikachisenda ndi kampeni kakang'ono. Ikanakhala kuti yakula, kapena yazika mizu mpaka mu njerwa, bwenzi tikukamba zina."

"Ndiye kuti ndichira?" Stanford anafunsa.

"Chiyembekezo chilipo chachikulu. Ambiri amafika kuno ataonda, akusanza chilichonse, ife n'kungowapatsa mankhwala opha ululu. Chaka chino inu ndinu wachiwiri woti ndingamuchite zimenezi. Amene anakukakamizani kubwera msanga muziwathokoza."

Stanford anacheukira Hannah n'kumwetulira. Miyezi itatu yathunthu Hannah ndiye anali akumulondola ngati mwana, mpaka anasiya kutafuna soda n'kupita kukapimitsa.

Ntchitoyo inatenga maola awiri. Patapita masiku atatu, pa tsiku lotuluka, Dokotala Sakina anamukhazika Hannah pansi.

"Amayi, inu ndiye gadiyani, mumvetsere bwino. Chimene tachotsa tatumiza ku labotale, akaone ngati tadula mokwanira m'mbali monse ndi pansi pomwe. Mubwere pakatha masabata atatu mudzamve zotsatira. Koma pakadali pano, kunjaku kulibe bala, m'katimu lilimo, ndipo pansi pa balalo pali timitsempha ta magazi. Masabata awiri oyambawa ndi oopsa. Azimwa phala lamadzimadzi ndi mapiritsi awa. Mowa ayi, mapiritsi a ululu ogula m'sitolo ayi, mankhwala ena alionse ayi. Asanyamule zolemera. Mukaona chimbudzi chakuda, kapena asanza magazi, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo."

Hannah anapempha kuti abwereze, ndipo dokotalayo anabwereza, n'kulembanso m'buku muja ndi zilembo zikuluzikulu.

Masiku oyamba kunyumba anali okoma. Hannah ankasefa ufa kawiri, phala n'kumalipoza mpaka lifunde ngati la khanda. Stanford ankalandira bakuli akudandaula mwanthabwala.

"Mayi a Yamiko, ndalota makaka ndi nandolo, othira tsabola. Ndinali nditangotapa chipande chachiwiri pamene tambala wanu uja anandidzutsa. Tambala ameneyu ndikachira ndiyamba ndi iyeyo."

"Muyambe ndi njinga yanga," Hannah anatero akuseka. "Zaka zitatu ili yopanda tcheni. Mkazi wa okonza njinga kumayenda wapansi, anthu amandiseka."

"Ndikachira, ntchito yoyamba ndi imeneyo. Ndiikanso belu."

Patapita masiku asanu a Dorothy anatulukira. Moni anangomupereka wapakamwa, n'kulunjika pamene panakhala mchimwene wawo.

"Vulani malaya, ndione."

Stanford anakweza malaya. A Dorothy anayang'ana pamimba, anasisita ndi dzanja, anamuuza atembenuke, anayang'ananso kumsana. Kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Opaleshoni yake ili pati?"

"Analowera kukamwa, alamu," Hannah anatero. "Sanang'ambe."

"Musandiyese mwana. Amalume athu anachitidwa opaleshoni, chipsera chake chinali chotalika ngati njanji, mpaka analowa nacho m'manda. Uyu pamimba pali see ngati pa mwana wakhanda. Chabwino, tinene kuti analowera kukamwa. Chimene anachotsacho chili kuti? Dzino akakuzula amakupatsa m'manja."

"Anatumiza ku labotale."

"Ku labotale! Chipsera palibe, chochotsedwa palibe. Ndiye kuti sanachotse kanthu. Mwangomutengera mwana wa mayi anga kutauni kuti mutiphimbe m'maso, chinthucho chikadali m'mimbamo."

Hannah anatenga buku la kuchipatala kuti awawerengere, koma a Dorothy analikankha ndi chigongono. Pobwerera sanadzere njira yachidule. Anadzera pamjigo, anaima pachigayo, anapumulanso pamsika wa tomato, ndipo paliponse anasiyapo mawu.

Nkhani yotere kwathu kuno siichedwa. M'mawa mwake Hannah atafika pamjigo, amayi amene ankaseka anangoti zii. Mmodzi, wa pakamwa posatseka, anati, "Mayi a Yamiko, mudzatigawireko wanuyo, koma wosawolayo." Ena anaseka chobisa nkhope m'zitenje. Lamulungu kutchalitchi, benchi imene iye anakhalapo inachedwa kudzaza. Hannah sanamuuze mwamuna wake chilichonse, koma munthu amene wakhala nawe zaka makumi awiri safuna kuuzidwa. Stanford anamupeza kuseri kwa khola la mbuzi akulira, chitenje ataluma kuti asamveke. Anabwerera mwakachetechete, mtima ukumuwawa kuposa bala la m'mimba.

Lachinayi, tsiku lakhumi ndi chitatu chichokereni kuchipatala, linali tsiku la msonkhano wa amayi kutchalitchi. Hannah anati sapita.

"Pitani," Stanford anatero. "Mukamabisala azinena kuti n'zoona. Ine ndili bwino, phala mwandisiyira."

Hannah anavala yunifolomu yake n'kunyamuka dzuwa lili paliwombo. Asanafike n'komwe kutchalitchi, a Dorothy anali atafika pakhomo. Ankadziwa bwino kuti Lachinayi masana mkazi wa mpingo sapezeka panyumba. M'chikwama anatulutsa botolo la madzi obiriwira, lotsekedwa ndi chitsononkho.

"Ndachokera nalo kutali botolo ili, kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri. Imwani, musanze, chituluke."

"Achemwali, adokotala analetsa. Anati mankhwala ena alionse ayi. M'katimu muli bala."

"Bala limene simunalione? Iwe Stanford, tandiyang'ana. Mayi atamwalira unali ndi zaka zinayi. Ndani anakubereka kumsana? Ndani anasiya sukulu kuti iwe upite? Lero ine ndingakupatse chokupha?"

"Sindikutero, achemwali."

"Nanga ukuopa chiyani? Ukuopa kuti chituluka, mkazi wako achita manyazi?"

"Palibe chimene chingatuluke. Sanandidyetse kanthu."

A Dorothy anakhala pansi pamkeka, mawu n'kufewa. Kunena zoona, mayiwa sanali mfiti. Ankamukonda mchimwene wawo ndi mtima wonse, ndipo tulo sankaliona poganiza kuti akuwola m'kati iwo akuyang'ana. Chikondi chosamva za ena n'choopsa kwambiri, chifukwa mwini wake sadzikayikira.

"Ndiye tichite chonchi," anatero. "Imwa. Ngati sanakudyetse, palibe chituluke, ungosanza phala lakolo. Zikatero ine Dorothy ndidzagwada pamaso pa mkazi wako, pamjigo pomwe paja, anthu onse akuona, n'kumupepesa. Sindidzatchulanso nkhaniyi mpaka kufa kwanga. Koma ukakana, ndidziwa kuti nawenso ukudziwa."

Stanford analiyang'ana botolo lija. Anakumbukira mawu a dokotala, anakumbukiranso mkazi wake kuseri kwa khola, chitenje chili kukamwa. Masiku anali atapitapo khumi ndi atatu, ululu unali utatha, ndipo mumtima anati mwina bala lapola. Kusanza kamodzi kokha, dzina la mayi a Yamiko liyere.

"Mudzagwadadi?"

"Mulungu akundimva."

Stanford anachotsa chitsononkho chija n'kumwa botolo lonse.

Hannah akubwerera kuchokera kumsonkhano anamva nthungululu. Poyamba anaganiza kuti kwina kwabadwa mwana. Atakhota pa mtengo wa mango anazindikira kuti ikuchokera pakhomo pake. Anataya Baibulo ndi nsapato n'kuthamanga.

Pabwalo panali anthu. Stanford anali atagwada, manja atagwira beseni, nkhope itayera ngati phulusa, thukuta lili kamukamu. M'beseni munali magazi, ena ofiira, ena oundana, akuda ngati chiwindi. A Dorothy anali ataimirira, akutembenuza choundana chimodzi ndi kamtengo, kuonetsa anthu.

"Bwerani mudzaone! Chatuluka! Si ichi? Ankati ndine wamisala. Onani chimene anamudyetsa!"

"Mwamupatsa chiyani?" Hannah anakuwa. "Mayo ine! Amenewa ndi magazi! Bala latseguka! Thandizeni, anthuni, galimoto!"

"Musiyeni amalize," a Dorothy anatero. "Chikadalimo china."

Hannah anawakankha, iwo n'kugwera uko. Anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti onani, akufuna kubisa. Koma Stanford atasanzanso, n'kugwa chammbali, ngakhale ong'ung'udzawo anaona kuti apa zinthu zaipa. Wina anaimbira akabaza a pa Mbombwe. Anabwera atatu pa njinga zamoto, anzake enieni, amene njinga zawo zakapalasa anawakonzera zaka zambiri. Anamukweza pakati, Hannah atamugwira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala cha boma.

Msewu wake ndi wa mabampu, ndipo bampu lililonse Hannah ankalimva m'thupi la mwamuna wake. Atadutsa pamlatho, Stanford anatsamiritsa mutu paphewa pake.

"Mayi a Yamiko, mundikhululukire. Ndimafuna akusiyeni. Anati adzagwada."

"Khalani chete, bambo a Yamiko, tatsala pang'ono."

"Njinga yanu ija..."

Sanamalize. Pamene ankafika pageti la chipatala, anamwino anathamanga ndi machira, koma anangomugwira pakhosi n'kuyang'anana.

Mkamwini akamwalira amabwerera kwawo, choncho maliro anakachitikira ku Magomero. Hannah anakhala m'siwa masiku awiri pakati pa anthu amene sanamupatse moni. Woyankhula m'malo mwa banja anati, "Chimene chatenga m'bale wathuyu sitichitchula, pakuti ambiri munachiona ndi maso anu m'beseni." Anthu anavomera chapansipansi. Za botolo palibe anatchula. Koma chimene chinamupyoza Hannah si zimenezi. Yamiko, mwana wawo yekhayo, amene anamuitanitsa kuchokera kusukulu yogonera komweko, atamva zonena za azakhali ake anabwera n'kukhala pambali pa mayi ake, osawakhudza.

"Amayi," anafunsa monong'ona, "n'zoona?"

Hannah anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulira.

Masabata atatu atakwana, Hannah anavala zakuda zake, anatenga buku la kuchipatala la mwamuna wake n'kukwera minibasi ya ku Blantyre. Anthu anati wapenga, akukatani kuchipatala munthu anaikidwa kale? Iye mwini sankadziwa bwino. Ankangodziwa kuti tsikulo linalembedwa m'buku, ndipo iye sanaphonyepo chilichonse chimene chinalembedwa m'bukumo.

Dokotala Sakina analowa ali ndi pepala m'manja, nkhope ikuwala, maso ali pa zolembedwazo.

"Mayi Tikhala! Ndimakudikirani. Uthenga wabwino. Tinachotsa yonse, m'mbali monse mwayera, pansi pomwe mwayera, sinalowe m'mitsempha. Abambo achira. Angobwera pakatha miyezi isanu ndi umodzi tidzaonenso. Ali kuti, ali panja? Ayamba kudya zolimba?"

Kenako anadzutsa maso n'kuona duku lakuda. Pepala lija linatsika pang'onopang'ono. Hannah anafotokoza zonse, mopanda misozi, ngati akunena za munthu wa mudzi wina. Amene analira ndi dokotalayo. Anavula magalasi n'kutembenukira kuzenera.

"Ndipatseni pepalalo," Hannah anatero. "Mundilemberenso m'Chinyanja kuseri kwake."

Sanapite ku Likoswe. Anatsika pa siteji ya ku Magomero n'kuyenda wapansi mpaka pakhomo pa a Dorothy. Anawapeza pansi pa mtengo wa papaya akusola nandolo m'lichero. Anali ataonda, maso atalowa m'kati, pakuti nawonso maliro anawadya.

"Mukudzatani kuno?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndabwera ndi zotsatira za achimwene anu. Munkafunsa kuti chimene anachotsa chili kuti. Yankho lake ndi ili."

Hannah sanadikire kupatsidwa mkeka. Anawerenga ali chiimire, liwu ndi liwu, kuti khansa inali pamwamba pokha, kuti inachotsedwa yonse, kuti m'chifu simunatsale kanthu koma bala loyembekeza kupola.

"Nanga chinatuluka chija?" a Dorothy anafunsa. "Tonse tinachiona. Chakuda chija."

"Anali magazi, alamu. Magazi akakhalitsa m'chifu amada, amaundana. Munkatembenuza ndi kamtengo magazi a mwana wa mayi anu. Bala linali litatsala masiku ochepa kuti lipole, kusanza kuja kunaling'amba."

Manja a Dorothy anasiya kusola. Nandolo wina anagubuduka kuchoka m'lichero, nkhuku n'kumatola, iwo osaziingitsa.

"Anamwa chifukwa cha ine," Hannah anapitiriza. "Munamulonjeza kuti mudzagwada. Musagwade, alamu, sindikufunanso. Koma mwana wanga anandifunsa funso pamaliro, ndipo mudzamuyankha ndinu."

"Ine... ine ndimafuna achire," a Dorothy anatero.

"Anali atachira."

Hannah anaika pepala lija m'lichero, pamwamba pa nandolo, n'kutembenuka. A Dorothy analitola ndi manja awiri. Kuwerenga sankatha, analigwira chozondoka, koma analiyang'anitsitsa ngati muli nkhope ya munthu. Hannah atafika pa njira ya kuchigayo anamva kulira kumbuyo kwake, kulira kwa munthu mmodzi, akuitana dzina la Stanford ngati mmene ankamuitanira ali mwana. Sanacheuke. M'njira anakumana ndi amayi akuthamangira komweko, akumanga zitenje, akufunsana kuti wamwaliranso ndani.